Sunga Khosi, Nanga Mkandawo Atunge Ndani?

Akuluakulu akafuna kuziziritsa mtima wa mtsikana wothamangira za mawa, ankati: sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Mwambiwu ndi wa kudekha. Umauza mwana kuti adzisunge, asadumphire chilichonse chonyezimira, poti chabwino chili m'njira ndipo chidzampeza. Anamkungwi amaunenabe, aphunzitsi a Chichewa amaulemba pabolodi, ndipo palibe angautsutse. Koma mwambiwu umakamba za khosi lokha. Za manja amene adzatunge mkandawo, za komwe udzachokere ndi za amene adzaulipire, uli duu.

Ku Naperi, mumzinda wa Blantyre, manja amenewo alipo, ndipo ntchito yawo imayambira pansi pa makina a telala.

Telala akamadula diresi kapena malaya pachitenje, sizasi imasiya tizigamba: ka pakhosi, ka m'khwapa, kamzere kakatali ka m'mphepete. Timagwa pansi, timapondedwa, madzulo timasesedwa n'kuponyedwa m'thumba. M'miyezi ya chilimwe, pomwe Loweruka lililonse kuli chinkhoswe kapena ukwati, thumbalo silichedwa kudzaza. Mathero ake akale ndi odziwika: moto kuseri kwa nyumba, ngalande yomwe mvula imakokololera mumtsinje wa Naperi, kapena galimoto ya khonsolo yopita kudzala la ku Mzedi. Masiku ano kuli amayi ndi atsikana, ndi anyamata ena apo ndi apo, amene amazungulira makonde a atelala ku Naperi, pa Kamba, ku Chitawira mpaka ku Zingwangwa, akufunsa kuti, "Bambo, zigamba zija mwandisungira?" Ena amapatsidwa ulele. Ena amasiya ya sopo, chifukwa atelala nawo maso atseguka.

Kuti munthu amvetse chifukwa chimene makolo anasankhira mkanda kukhala mphotho ya wodekha, akumbukire kuti mkanda wagalasi sunali wa pano. Katswiri wofukula zamakedzana, Yusuf Juwayeyi, atakumba pa Mankhamba pafupi ndi Mtakataka ku Dedza, pomwe panali likulu la a Kalonga a ufumu wa Maravi, anapeza mikanda yagalasi yochuluka pamodzi ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Katunduyu anawoloka nyanja yamchere, anakwera ndi mtsinje wa Zambezi, n'kudzafika kuno pamitu ya anthu. Pofika zaka za m'ma 1800 mikanda yambiri inkapangidwa ku Venice, ndipo amalonda achiswahili ndi achiyao ankabwera nayo limodzi ndi nsalu, n'kubwerera kugombe ndi minyanga ya njovu, nthawi zambiri itasenzedwa ndi anthu omwe nawonso anali paulendo wokagulitsidwa. Kampani ya African Lakes, yomwe inayamba mu 1878 ndipo nyumba yake ya Mandala yomangidwa mu 1882 ikadaima mpaka lero, nayo inkapereka nsalu ndi mikanda posinthana ndi minyanga. Motero mkanda unali chuma, unali ndalama, unalinso ulemu. Mkazi ankauvala m'khosi, pamkono ndi m'chiuno, ndipo wa m'chiunowo unali ndi chinenero chake chomva eni nyumba awiri okha. Zimenezo n'za anamkungwi, zikhale komweko.

Apa ndiye pali kachilema ka mwambiwu. Unazoloweretsa khosi kudikira chinthu chochokera kutali, chobwera ndi mlendo. Makosi ambiri a mu Blantyre akudikirabe choncho. Amene akukayika akayende m'mashopu a ku Limbe Loweruka m'mawa, akaone momwe mikanda yapulasitiki ndi ndolo zagolide wabodza zimathera pamashelefu, zonse zitatsika m'makontena ndi m'mabasi a ku Dar es Salaam ndi ku Johannesburg.

Nacho chitenje, chimene Mmalawi aliyense amachiyesa chakechake, chinayenda ulendo wautali. Kalembedwe ka maluwa ake kanatengera nsalu za batik za pachilumba cha Java ku Indonesia, anthu a ku Netherlands n'kuyamba kuzisindikiza ndi makina. Kampani ya Vlisco ya mumzinda wa Helmond, yomwe inayamba mu 1846, ikuchitabe ntchitoyo. Kuno kwathu fakitale ya David Whitehead and Sons ku Makata inayamba m'zaka za m'ma 1960 kuwomba ndi kusindikiza nsalu ndi thonje lolimidwa m'dziko momwe muno, ndipo inkalemba anthu ntchito masauzande. Lamulo la kavalidwe la 1973, loletsa amayi mathalauza ndi masiketi aafupi, linalimbitsa malo a chitenje m'chiuno mwa mayi aliyense mpaka linachotsedwa mu 1993. Fakitale ija inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003, itafooka kale ndi kaunjika ndi nsalu zotsika mtengo zakunja. Lero zitenje zambiri za mumsika wa Limbe ndi wa Blantyre zimachokera ku China, India, Tanzania ndi maiko ena. Ndiye kachigamba kamene kagwa pansi pa makina ku Naperi kanagulidwa ndi ndalama zakunja zomwe dziko likulira usana ndi usiku. Wokatentha amatentha madola.

Ntchito yeniyeni imayamba ndi kusankha. Thumba likakhuthulidwa pamkeka, nsalu za thonje zimapita uku, za poliyesitala uko. Ya thonje imamvera: ikasitidwa imagona, ikapakidwa guluu imagwira. Ya poliyesitala ndi yamwano. Imaterera m'zala, imayoyoka ulusi m'mphepete, ndipo simbi ikatentha kwambiri imakwinyika n'kusungunuka. Kenako pamabwera kuchapa, kumene ongoyamba kumene amakulumpha n'kudzalira pambuyo. Zitenje zotsika mtengo zimachucha utoto, ndipo mkanda wosachapa ukakumana ndi thukuta la mu Okutobala umasiya mzere wofiira pabulauzi yoyera ya mwini wake. Kasitomala wotero sabweranso, komanso sakhala chete kuofesi.

Mikanda ya nsalu ili ndi kapangidwe kosiyanasiyana. Wodziwika kwambiri ndi wa mfundo. Nsalu imadulidwa yaitali, mopingasa, osatsata ulusi, kuti izitha kutamuka popanda makwinya. Imasokedwa ngati kapaipi, n'kutembenuzidwa kuti msoko ubisike mkati, ndipo m'kapaipimo mumalowa timipira tamatabwa kapena mikanda yakale yomwe inasuluka, umodzi umodzi, mfundo ikumangidwa pakati pa uliwonse. Mfundozo zikapanda kufanana kulimba kwake, mkanda umapendekeka pachifuwa, ndipo diso la wogula limaona msanga ngakhale iye sangathe kunena chomwe chalakwika. Wina ndi wokulunga: chingwe cha thonje chimazengedwa ndi kansalu kopyapyala kuyambira uku mpaka uko, mizere itatu kapena inayi n'kulumikizidwa kumapeto. Palinso wa timikanda topota, pomwe nsalu imadulidwa yosongoka mbali imodzi, kupakidwa guluu, n'kupiringizidwa pa sipoko ya njinga mpaka ituluke yonenepa pakati, yowonda kunsonga. Ndi luso lomwelo lomwe amayi a ku Uganda anatchuka nalo popota mikanda ya mapepala. Zibangiri zimachokera ku mabotolo apulasitiki odulidwa kapena paipi yakale yamadzi, zitavekedwa nsalu mpaka osadziwika chiyambi chake.

Koma pomwe pamaonekera mmisiri ndi pa ndolo. Maluwa a chitenje anajambulidwa kuti azioneka pathupi lonse la munthu, ataima poteropo. Duwa limodzi limatha kukula kuposa chikhatho. Tsono ndolo ndi kanthu kakang'ono, kokutira batani kapena chitsekerero cha botolo la Fanta chophwanthidwa ndi hamala, ndipo pamalo ochepa chotero pamangokwana kachidutswa ka duwalo. Wopanga amayendetsa chitsekererocho pachigamba, uku ndi uku, kufunafuna pomwe chikasu chakumana ndi chakuda mokoma, kapena pomwe kamzere kakhota bwino. Akapapeza, ntchito ili theka, chifukwa makutu ndi awiri. Ayenera kupezanso malo ena ofanana nawo pachigamba chomwe mwina n'chosakwana dzanja. Luso limeneli silioneka pamtengo wa nsalu, ndipo palibe sukulu imene imaliphunzitsa. Limabwera ndi kuwononga zigamba zambiri.

Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pamalonda awa nyererezo zimabisala m'zinthu zosaoneka patebulo: katoni yoikidwa mkati mwa ndolo yomwe imafewa ikanyowa ndi mvula, guluu wotchipa amene amamatuka pakatha sabata, ndi tingowe ta ndolo ta chitsulo chosakanizidwa ndi nickel, tomwe timayabwitsa makutu a anthu ena mpaka kutupa, kapena kuchita dzimbiri dzinja likafika. Wopanga amene akufuna kukhalitsa amawononga ndalama pa zobisikazi. Amene akufuna za lero lokha amakongoletsa kunja basi, ndipo amaipitsira mbiri onse a mzere umenewo.

Kusandutsa chotayidwa kukhala chothandiza si nzeru yobwera ndi mabungwe. Nyale ya koloboyi inachokera ku chitini, nsapato za m'munda ku tayala lakutha, galimoto ya mwana ku mawaya, mpira wachikulunga ku nsanza ndi majumbo. Chopondera cha zigamba zolowetsedwa m'saka chili pakhomo la nyumba zambiri za mu Ndirande ndi mu Bangwe. Ngakhale Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu a dziko lonse, amavala nsanza, masaka ndi nthenga. Chachilendo pa mikanda ya nsalu n'chakuti chigamba, chomwe chinali chizindikiro cha umphawi pakabudula wa mwana wasukulu, chakwera n'kukakhala pakhosi, poonekera, ndipo chikufuna kulipiridwa. Mkangano wonse wa pamsika umachokera pamenepa.

Misika yake ndi yomwazikana. Ena amasiya katundu wawo kwa ogulitsa ziboliboli mtawuni chakufupi ndi Victoria Avenue. Ena amadikira chionetsero cha zamalonda chimene a bungwe la amalonda la MCCCI amachititsa chaka ndi chaka pabwalo la Trade Fair ku Chichiri, kapena Blantyre Arts Festival yomwe inayamba mu 2009, kapena zochitika za pa Jacaranda Cultural Centre ndi masiku a malonda a m'masukulu ndi m'matchalitchi. Olimba mtima amakwera basi ndi chikwama chawo kutsatira zoimbaimba za kunyanja monga Lake of Stars ndi Sand Music Festival, ngakhalenso Tumaini ya ku Dzaleka. Masiku ena onse msika ndi foni: zithunzi pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, katundu n'kuperekedwa kwa wa kabaza.

Patebulo, wogula wa kuno amanyamula mkanda, amautembenuza, amauyesa pakhosi akudziyang'ana pafoni, n'kufunsa mtengo. Akaumva amaubweza pansi mofulumira. "Aaa, mayi, si zigamba izi? Chotsaniko." Wogulitsa amaseka, poti mawuwa wawamva kambirimbiri. "Zigambadi, achemwali, koma taonani kasokedwe kake." Nthawi zambiri amachotsadi, chifukwa dzuwa lapendeka ndipo ya minibasi sinakwane.

Wogula uja wawerengetsa mtengo wa nsalu n'kupeza kuti palibe. Chomvetsa chisoni n'chakuti wopanga naye amawerengetsa chimodzimodzi. Amakumbukira guluu, ulusi, tingowe, ulendo wa ku Limbe ndi ndalama yolipirira tebulo. Amaiwala maola. Mkanda wa mizere itatu umatha kumudya munthu theka la tsiku, msana uli chiweramire, magetsi akazima n'kumalizira ndi tochi ya pafoni, koma nthawi imeneyo siilowa m'kabuku ka maakaunti, chifukwa mayi wa ku Malawi analeredwa kuti nthawi yake ndi yaulele. Ntchito yochitira pakhonde, mwana ali kumsana ndi mphika uli pambaula, ambiri saiyesa ntchito. Pamwamba pa izo, zonse zachitsulo ndi guluu n'zakunja. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya tingowe, mawaya ndi zomangira inalumpha, monga inalumphira ya mabelo a kaunjika mpaka ogulitsa anaguba kupita ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu Febuluwale 2025. Mtengo wa mkanda sungalumphe chomwecho, poti wogula akuonabe zigamba. Ndiye palinso mnzako wa tebulo loyandikana, amene amajambula katundu wako mwakachetechete, sabata yamawa n'kubwera ndi wofanana pamtengo wotsika.

Amene amalipira osakangana kwambiri ndi alendo: odzaona dziko, ogwira ntchito m'mabungwe, ophunzira zaudokotala ochokera kunja amene amadzakhala miyezi ingapo pachipatala cha Queen Elizabeth. Kwa iwo mkanda wa nsalu ndi mphatso yabwino, yopepuka m'sutikesi, yosasweka, ndipo nkhani yoti unapangidwa ndi zotsala za telala imawonjezera kukoma m'malo mochotsa. N'chifukwa chake opanga ambiri amayang'ana khosi la mlendo posankha mitundu ndi kutalika kwa mkanda.

Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mu Epulo 2020 matenda a Covid-19 atalowa m'dziko muno, ndege zinaima, zikondwerero zinalephereka, matebulo anapindidwa. Amene anapulumuka ndi omwe anatembenuza zigamba zomwezo n'kuyamba kusoka zotseka pakamwa ndi pamphuno. Nyengo imeneyo inaonetsa chinthu chimodzi chofunika: Amalawi anagula zopangidwa ndi tizidutswa ta chitenje, anavala pankhope penipeni, ena akusankha zofanana ndi diresi. Manyazi a chigamba sanaoneke.

Zitsanzo za omwe malonda otere anawakomera zilipo. Mayamiko, kampani ya zovala yoyambitsidwa ndi Paola Masperi wa ku Italy, imasokera ku Lilongwe ndi zitenje zogula m'misika ya konkuno, ndipo zotsala zake siitaya, imapangira tinthu tina. Mu Seputembala 2019 Meghan Markle atavala diresi la Mayamiko ku Cape Town, madiresi a mtundu umenewo anatha m'kanthawi kochepa. Kutsidya kwa malire, ku Mfuwe m'chigawo chakum'mawa kwa Zambia, amayi a ku Mulberry Mongoose amapanga mikanda ndi zibangiri ndi mawaya a misampha imene alonda a nyama amachotsa m'nkhalango ya South Luangwa, ndipo gawo la ndalama limabwerera ku ntchito yoteteza nyamazo. Palibe matsenga pamenepa. Katundu wawo amatuluka wofanana lero ndi mawa, mtengo wake umawerengera thukuta la wosoka, zithunzi zake n'zooneka bwino. Koma tinene chilungamo: onse awiri anayambitsidwa ndi anthu ochokera ku Ulaya, odziwa kumene kuli ogula ndi kayankhulidwe kowafikira. Mayi wa ku Naperi alibe khomo limenelo. Kutumiza kamkanda kamodzi ku London kumadya ndalama zoposa mtengo wa mkandawo, ndipo kulandira malipiro ochokera kunja ndi mutu wina wopweteka. Kumuuza kuti atsanzire Mayamiko n'kumunamiza.

Msika umene ali nawo pafupi ndi wa makosi a kuno, ndipo makosiwo sadana ndi mikanda. Mu Okutobala ku Chonde ku Mulanje, pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe, nduna ndi mlimi yemwe amavala mikanda ikuluikulu mpaka pachifuwa. Ku Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ku Ntcheu ndi ku Kulamba kwa Achewa ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia n'chimodzimodzi. Kuyambira pomwe boma linakhazikitsa ndondomeko ya Buy Malawi mu Malichi 2016 n'kulimbikitsa ogwira ntchito kuvala zosokedwa kuno Lachisanu, maofesi a mu Blantyre amawala ndi zitenje tsiku limenelo. Chodabwitsa n'chakuti pamwamba pa diresi losokedwa ku Chitawira pamakhala mkanda wapulasitiki wa m'kontena, ndipo mwini wake anaulipira mtengo wolembedwa pashelefu osapempha kuti achotseko ngakhale tambala.

Mpata waukulu uli pa zinkhoswe ndi maukwati. Banja limasankha chitenje chimodzi, achibale ndi abwenzi makumi angapo n'kugula nsalu yomweyo, ndipo ambiri amakasoketsa kwa atelala awiri kapena atatu omwewo. Zotsala zake zimakhala mulu wa mtundu umodzi, zokwanira ndolo, zibangiri ndi mikanda ya gulu lonse. Vuto lija losakasaka makutu awiri ofanana limatha lokha. Wopanga amene wagwirizana ndi telala safunikanso kulipira tebulo, kupsa ndi dzuwa kapena kudikira ndege ya alendo; amadziwiratu chiwerengero, tsiku ndi mtengo. Telala naye amapindula, poti kasitomala amene walandira diresi ndi ndolo zake pamodzi amabweranso ndi mnzake. Ndipo amayi angapo a mu banki m'khonde imodzi akasonkha n'kugula tingowe tabwino tambiri nthawi imodzi, mtengo wa kamodzi umatsika ndipo makutu a anthu amapuma. Apa kudekha kwa mwambi uja kumasamuka, kuchoka pakhosi la wovala kupita m'manja mwa wopanga, amene ayenera kukana kugulitsa motchipa ngakhale tsiku litaipa.

Mawu apite kwa makomiti a maukwati amene amakumana Lamlungu masana m'makalasi a sukulu ndi m'mabwalo a nyumba mu Naperi monse. Pabajeti yanu pamakhala holo, keke, DJ, wojambula ndi wokongoletsa, ndipo onsewo mumawapatsa dipoziti mwezi usanakwane. Onjezanipo mzere wa ndolo ndi mikanda ya operekeza akwati, yopangidwa ndi zotsala za chitenje chomwe mwagula kale. Itanani wopanga wa m'dera lanu msanga, mumufunse kuti ntchitoyo imutengera masiku angati, ndipo mumupatse theka la ndalama asanayambe kudula.